MOTO WA M'THENGO, CILALA NDI CIGUMULA: KUDZIWIRATU NGOZI ISANAFIKE

Kwa alimi, mafumu, makomiti a midzi ndi atsogoleri a mipingo m'maboma a Petauke ndi Nyimba

MAU OYAMBA

Abale ndi alongo, cilala cikapita cimasiya mabvuto ake m'mudzi. Cimasiya nkhokwe zopanda kanthu, ng'ombe zoonda, ngongole, ndi mabanja amene anagulitsa mbuzi ndi njinga kuti agule ufa. Banja lotere likafuna kuimanso limadalira zinthu zocepa zimene zatsala: msipu wa ziweto, udzu wofolera, mapesi a m'munda, uci, bowa, masuku ndi mitengo ya m'thengo. Zonsezi moto wa tsiku limodzi ungathe kuzimaliza. Ndiye cifukwa cake m'kapepala aka tikukamba za moto pamodzi ndi cilala ndi cigumula, pakuti ngozi zitatuzi zimaitanizana.

Masiku ano pali njira imene akatswiri amadziwira kuti ngozi ili pafupi. Amasonkhanitsa ziwerengero za mvula, za kutentha, za mphepo, za moto ndi za madzi a m'mitsinje, amaziika mu kompyuta, ndi kuziyerekeza ndi za zaka zam'mbuyo. M'Cingerezi nchitoyi amaicha data science. Tifotokoza m'mene imayendera, cimene ingathe kucita, cimene singathe, ndiponso mbali imene ili m'manja mwa mudzi wanu.

1. KODI ZIWERENGERO ZINGAMUCENJEZE BWANJI MUNTHU?

Mai aliyense amadziwa khadi la mwana la ku sikelo. Mwezi ndi mwezi mwana amayezedwa, ndipo anamwino amaika kadontho pa khadi. Kadontho kamodzi sikanena zambiri. Koma timadontho tikaculuka timapanga mzere, ndipo mzerewo ukayamba kutsika, anamwino amadziwa kuti mwana ali pa ngozi ngakhale akali kusewera pabwalo. Amathandizidwa asanatupe miyendo.

Nchito imene tikukambayi ili cimodzimodzi, koma amene akuyezedwa ndi dziko. Ili ndi mbali zinai. Yoyamba ndi kuyeza ndi kulemba, nthawi zonse, mwa njira imodzimodzi. Yaciwiri ndi kuyerekeza za caka cino ndi za zaka zina. Yacitatu ndi kucenjeza anthu nthawi ikalipo. Yacinai ndi kucitapo kanthu. Khadi la ku sikelo silithandiza ngati mai sanauzidwe tanthauzo la mzere, kapena ngati m'nyumba mulibe nshawa zoika m'phala. Momwemonso cenjezo la cilala kapena la moto limene lathera mu ofesi silipulumutsa munthu.

2. KODI ZIWERENGEROZI ZIMACOKERA KUTI?

Zina zimacokera pansi pano. Dipatimenti ya Zanyengo ili ndi malo oyezera nyengo ku Petauke, ku Msekera pafupi ndi Chipata, ku Mfuwe ndi ku Lundazi. Kumeneko amalemba mvula, kutentha ndi mphepo tsiku ndi tsiku. Alangizi a zaulimi nawonso amatumiza malipoti a mbeu, a tizilombo ndi a ziweto. Caka ciliconse boma limayendera alimi osankhidwa kuti liyerekeze zokolola za dziko lonse anthu asanakolole. Mitengo ya cimanga ndi ya mbuzi pa msika nayonso imalembedwa, pakuti cimanga cikakwera mtengo pamene mbuzi ikutsika, ndiye kuti mabanja ayamba kugulitsa ziweto cifukwa ca njala.

Zina zimacokera kumwamba. Pali makina ochedwa setilaiti amene amazungulira dziko lapansi ndi kujambula. Ena amayeza kuzizira kwa mitambo, ndipo pa kuzizirako akatswiri amayerekeza mvula imene yagwa ngakhale kumalo kumene kulibe coyezera, monga m'cigwa ca Luangwa. Ena amaona kubiriwira kwa udzu ndi mbeu. Ena amaona kutentha kwa moto. Pa yunivesiti ya California ku Santa Barbara, m'dziko la America, anaphatikiza zoyeza za pansi ndi za kumwamba n'kupanga kaundula wa mvula wochedwa CHIRPS, woyambira mu 1981. Ndi kaundula wotere munthu angathe kuona ngati mvula ya caka cino ku Nyimba ndi yocepa kapena yambiri poyerekeza ndi zaka zoposa 40.

Musasokonezeke ndi liu lakuti setilaiti. Ambiri a inu mumadziwa makomiti a setilaiti amene amalemba maina pa nthawi ya cakudya ca cithandizo. Amenewo ndi makomiti a anthu. Setilaiti imene tikuchula pano ndi makina. Koma ziwirizi ziyenera kuthandizana, pakuti makina amaona patali ndipo komiti imadziwa khomo lililonse.

3. CENJEZO LA CILALA

Acikulire akukumbukira cilala ca 1991/92, pamene tinadya cimanga cacikasu cocokera kunja ndi kukonza miseu kuti tilandire cakudya. Pambuyo pa cilala cimeneco, mu 1994, boma linakhazikitsa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DMMU, mu ofesi ya Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko. Mu 2010 panakhazikitsidwa lamulo loyendetsera nchitoyi kucokera ku Lusaka kufikira ku makomiti a m'maboma ndi a m'midzi.

Akatswiri atayerekeza zaka zambiri anapeza kuti mvula yathu imagwirizana ndi kutentha kwa madzi a nyanja yaikulu ya Pacific, kutali kwambiri ndi kuno. Madzi a kum'mawa kwa nyanjayo akatentha kuposa masiku onse, zimene amazicha El Niño, kayendedwe ka mphepo kamasintha, ndipo kawirikawiri kum'mwera kwa Africa mvula imacepa. Zaka za 1991/92, 2015/16 ndi 2023/24 zinali zotere. Ubwino wake ndi wakuti kutentha kwa nyanjako kumaoneka miyezi ingapo ife tisanabzale. Kuyambira mu 1997, pamene anakumana koyamba ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe, akatswiri a zanyengo a maiko a SADC amakumana caka ndi caka mvula isanayambe, ndi kugwirizana za m'mene dzinja lingakhalire. Pambuyo pake Dipatimenti yathu ya Zanyengo imalengeza za zigawo za Zambia.

Za 2023/24 zikutiphunzitsa zambiri. Pofika pakati pa 2023 zinadziwika kale kuti El Niño wayamba, ndipo cenjezo la mvula yocepa linaperekedwa anthu asanabzale. Ng'amba inagwira kumapeto kwa Januwale ndi mwezi wonse wa Febuluwale 2024, nthawi imene cimanga cimamasula ngaiyaye ndi kubereka. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pafupifupi mahekitala 1 miliyoni a cimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anaonongeka. Cenjezo linalipo. Koma mlimi amene analimva mocedwa, kapena amene analibe mbeu ina koma cimanga cokha, sanapindule nalo.

Tiyenera kumvetsa bwino kalankhulidwe ka macenjezo awa. Sanena kuti mvula idzagwa pa tsiku lakuti m'mudzi wakuti. Amanena za mwai. Tiyerekeze kuti alengeza kuti mwai wa mvula yocepa ndi 40 pa 100, wa mvula ya masiku onse 35, ndipo wa mvula yambiri 25. Tanthauzo lake ndi lakuti mvula yocepa ndiyo ili patsogolo, koma zina ziwirizo zingacitikenso. Mu 1997/98 El Niño anali wamphamvu, koma cilala sicinafike poipa monga anthu anaopera. Tsono mvula ikagwa bwino pambuyo pa cenjezo, tisanene kuti a zanyengo ndi abodza. Munthu amene wanyamula ambulera ndipo mvula siinagwe sanataye kanthu.

Mukamva cenjezo la mvula yocepa, gawani munda. Mbali ina bzalani cimanga cocedwa pang'ono ngati mumacikonda, koma mbali yaikulu ikhale ya cimanga cofulumira kucha, mapira, nyemba za khobwe, kandolo ndi cinangwa. Kumbani maenje obzalamo m'cilimwe kuti madzi oyamba asathawe. Musagulitse cimanga conse ca m'nkhokwe musanaone m'mene Febuluwale wathera.

Ziwerengero zomwezi ndizo zimagwiritsidwa nchito pa inshuwalansi ya cilala. Mu 2024 bungwe la African Risk Capacity linalipira boma la Zambia ndalama pafupifupi madola 10 miliyoni, cifukwa zoyeza zinaonetsa kuti mvula inacepa kupitirira malire amene anagwirizana. Inshuwalansi yotere siyendera munda uliwonse. Imayang'ana mvula ya dera lonse, motero nthawi zina munda wanu ungaume koma dera lanu osawerengedwa. Apa ndi pamene buku la mvula la mudzi limathandiza pokadandaula.

4. M'MENE SETILAITI IMAONERA MOTO

Bungwe la NASA la ku America linatumiza kumwamba setilaiti yochedwa Terra mu 1999, ya Aqua mu 2002, ndi ya Suomi NPP mu 2011. Zimenezi zimauluka pamwamba makilomita pafupifupi 700 kapena kuposa apo, mtunda woposa wa kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata. Zili ndi diso limene limamva kutentha. Malo amene akuyaka amatentha kwambiri kuposa malo ozungulira, ndipo kompyuta ikaona kusiyanako imaika kadontho kofiira pa mapu. Diso la pa Suomi NPP limagawa dziko m'timabwalo ta mamita 375 m'litali ndi m'lifupi, ndiko kuti mahekitala pafupifupi 14. Timadonthoti timaikidwa pa intaneti patapita maola ngati atatu, pa malo ochedwa FIRMS, ndipo aliyense angathe kutiona popanda kulipira.

Moto ukazima pamatsala lupsa, ndipo lupsalo limaoneka lakuda pa zithunzi. Motero akatswiri angathe kuyeza kukula kwa malo amene anapsa, ndi mwezi umene anapsa. Akaunjika mapu a zaka 20 pamodzi, zimaoneka poyera kuti phiri lakuti limapsa caka ciliconse, dambo lakuti limapsa mocedwa, ndipo moto wa kumalo akuti umayambira m'mbali mwa mseu kapena m'minda. Mapu otere amaonetsa kuti Zambia ali pakati pa maiko amene amapsa kwambiri mu Africa, ndi kuti moto umayamba kuoneka udzu ukangouma m'Meyi ndi Juni, n'kupitirira mpaka mvula itagwa. M'miyezi imeneyo mphezi sizicitika kawirikawiri. Pafupifupi moto wonsewu umayatsidwa ndi ife anthu: posaka mbewa ndi nyama, pofukiza njuci, potentha zinyalala za m'munda, pa mauvuni a malasha, pofuna msipu watsopano, ndi potaya ndudu.

Koma setilaiti ili ndi malire ake. Imadutsa pamwamba pathu kangapo cabe pa tsiku, makamaka dzuwa litangopendeka ndi pakati pa usiku. Moto umene wayamba ndi kuzima pakati pa nthawi zimenezi suoneka. Mitambo ndi utsi wambiri zimaphimba diso lake. Moto waung'ono wa pansi pa mitengo ungaphonyedwe. Ndiponso kadontho sikanena dzina la munthu amene wayatsa, ngakhale kusiyanitsa moto wabwino wa komiti ndi moto wolusa. Pamene kadontho kafika pa foni ya ofesala ku boma, mwina nkhokwe yapsa kale. Motero phindu lalikulu la mapu awa lili pa kukonzekera caka camawa. Wozima moto wa lero ndi mudzi.

5. TSIKU LOOPSA NDI TSIKU LABWINO

Ukali wa moto umadalira zinthu zinai: kuuma ndi kuculuka kwa udzu, kutentha kwa dzuwa, kuuma kwa mpweya, ndi mphamvu ya mphepo. Zonsezi zimayezeka. Akatswiri amaziphatikiza n'kupeza nambala imodzi yosonyeza kuopsa kwa tsikulo. Ku South Africa nambalayi amaisonyeza ndi mitundu isanu, kuyambira wa buluu, pamene moto sungayende, kufikira wofiira, pamene saloleza munthu kuyatsa moto panja.

Inu mungathe kuyeza zomwezi popanda makina. Tengani udzu m'manja ndi kuupinda. Ukapindika osathyoka, ukali ndi madzi. Ukathyoka ndi kulira, wauma. Onani ngati m'mawa muli mame. Onani ngati nthambi zazikulu zikugwedezeka, ndiponso ngati akamvuluvulu ayamba kuyenda m'minda. Tsiku la Seputembala kapena Okutobala lopanda mame, la dzuwa loswa mtengo ndi la mphepo, ndilo tsiku lofiira. Pa tsiku lotere kamoto ka mwana wosaka mbewa kangathe kudumpha mseu.

Kumbukiraninso kuti moto umathamanga pokwera phiri kuposa potsika, cifukwa malawi amayamba aumitsa udzu wa kumtunda asanaufike. Midzi ya m'mapiri a ku Kacholola ndi ya m'mphepete mwa cigwa iyenera kusamala kwambiri za ici.

6. PHUNZIRO LA KU NDOLA

Funso lakuti titenthe liti linayesedwa kale m'dziko lathu lino. M'zaka za m'ma 1930 a zankhalango anapatula minda ya mitengo pafupi ndi Ndola. Ina anaiteteza osaitentha konse. Ina ankaitentha caka ndi caka kuciyambi kwa cilimwe, m'Juni kapena Julayi. Ina ankaitentha mocedwa, m'Okutobala. Anawerenga mitengo ndi kulemba kwa zaka zambiri, ndipo mu 1959 katswiri wina, Colin Trapnell, anafalitsa zotsatira. M'minda yotenthedwa mocedwa mitengo ikuluikulu ya miombo inatha pafupifupi yonse, n'kutsala udzu wautali ndi ziphukira. M'minda yotenthedwa msanga nkhalango inakhalabe, ndipo mitengo ing'onoing'ono inakula.

Cifukwa cake ncosabvuta kumva. M'Juni udzu ukali ndi cinyontho, usiku kukuzizira, ndipo moto umayenda pansi pang'onopang'ono, kusiya zigamba zosapsa, n'kuzima wokha mame akagwa. M'Okutobala udzu wauma gwa, mitengo yaphuka kale masamba atsopano, ndipo malawi amafika kunsonga. Akulu anati moto umapita kumene kwatsala chire. Kutentha msanga ndi kucotsa chirelo nthawi imene moto ukali wofatsa, kuti wa m'Okutobala usapeze podutsa.

Apa ziwerengero za mvula zimathandizanso. Caka ca cilala udzu umauma msanga, motero nthawi yabwino yotentha imafika msanga ndi kutha msanga. Mudzi umene udikira tsiku limene unazolowera ungapeze kuti wacedwa. Ndiponso caka cotere msipu ndi wocepa, tsono malo odyetsera ng'ombe ndi madambo asatenthedwe konse, koma azingidwe ndi mseu wochinga moto. Caka ca mvula yambiri cotsatira cilala ndico coopsa kwambiri, pakuti udzu umakula kupitirira munthu, pamene mitengo ikali yofooka ndipo ng'ombe zodya udzuwo zacepa.

7. CIGUMULA

Anthu a kwa Luembe, kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape amadziwa kuti Luangwa angathe kudzaza ngakhale kwao kuli dzuwa. Madzi ake amacokera kutali, ku mapiri a Mafinga ndi ku maboma a Chama ndi Lundazi, ndipo amatenga masiku kuti afike kuno. Masiku amenewo ndiwo mpata wa cenjezo. Bungwe la WARMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2011, limayeza kukwera kwa madzi m'mitsinje ikuluikulu. Akaphatikiza zoyezazo ndi mvula imene ikuyembekezeka kumtunda, kompyuta imayerekeza nthawi imene madzi angafike kumunsi.

Timitsinje ting'onoting'ono tocokera m'mapiri ndi tobvuta kuposa apa, pakuti timadzaza m'maola ocepa. Pamenepa moto ndi cigumula zimakumana. Phiri limene lapsa m'Okutobala limakhala lambee pamene mvula yoyamba ikugwa. Palibe udzu kapena masamba ogwira madzi. Madzi amathamanga ndi dothi ndi phulusa, kugumula madimba, kudzaza madamu ndi mcenga, ndipo osalowa pansi. Cilimwe cotsatira zitsime zimauma msanga. Tsono amene wateteza phiri ku moto wa mocedwa wacepetsa cigumula, ndipo wasunganso madzi a pa cilala.

8. ZIMENE MUDZI UNGACITE

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha mudzi uliwonse, motsogozedwa ndi mfumu ya mudzi, kuti ucite zinthu izi.

Coyamba, sankhani komiti ya moto ndi nyengo. Mukhale amai ndi abambo, acinyamata, woweta ng'ombe, woweta njuci ndi wotentha malasha. Musawasiye kunja amene amagwiritsa nchito moto, pakuti ndiwo amadziwa kumene umayambira.

Caciwiri, gulani buku limodzi lolimba likhale buku la mudzi. Lisungidwe ndi munthu wodziwa kulemba, ndipo pakhale waciwiri wake.

Cacitatu, yezani mvula. Ngati mulibe coyezera ca ku ofesi ya zaulimi, tengani citini coongoka m'mbali, cofanana kukamwa ndi pansi. Cikhazikeni pa mtengo wodulidwa bwino, poyera, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse pa 08:00 koloko yezani madzi ndi rula, lembani mamilimita, ndi kutaya madziwo. Tsiku lopanda mvula lembani 0, musasiye mpata, pakuti masiku a ng'amba ndiwo ofunika kwambiri kuwadziwa. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Musathamangire kubzala ndi mvula yoyamba ya fumbi. Dikirani mpaka dothi litanyowa kufika pa kuya kwa khasu.

Cacinai, jambulani mapu a mudzi. Yambani pansi ndi ndodo, anthu onse akuona, ndipo pambuyo pake kopererani pa pepala. Ikanipo nyumba, nkhokwe, sukulu, manda, madimba, msipu, malo omweta udzu, ming'oma ya njuci, ndi nkhalango. Sonyezani kumene moto unacokera zaka zitatu zapitazi, kumene mphepo ya cilimwe imacokera, ndi pamene madzi anafika pa cigumula cacikulu cimene acikulire akukumbukira.

Cacisanu, lembani moto uliwonse: tsiku, nthawi, kumene unayambira, cimene cinauyambitsa ngati cadziwika, ndi zimene zinapsa. Colinga ndi kuphunzira. Milandu ili ndi bwalo lake kwa mfumu.

Cacisanu ndi cimodzi, tengani buku ndi mapu anu kwa ofesala wa zankhalango ndi kwa mlangizi wa zaulimi, ndi kupempha kuti muyerekeze ndi mapu a setilaiti a dera lanu. Wacinyamata amene ali ndi foni ya intaneti angathenso kukuonetsani timadontho ta moto. Pamene mapu awiriwa agwirizana, pamenepo ndi poyambira nchito. Pamene asiyana, auzeni, pakuti nawonso amafuna kukonza zoyeza zao.

Cacisanu ndi ciwiri, gwirizanani za kalendala ya moto:

Epulo ndi Meyi: msonkhano wa mudzi. Lambulani mozungulira nyumba, nkhokwe, makola ndi minda. Mseu wochinga moto ukhale wa mamita osacepera asanu, ndipo ukhale wotambalala kuposa apo kumene udzu ndi wautali kapena pa phiri.

Meyi mpaka kuciyambi kwa Julayi: amai ndi abambo amwete udzu wofolera coyamba. Pambuyo pake komiti itenthe malo amene mwagwirizana, madzulo mphepo itagona, anthu okwanira alipo ndi nthambi zaziwisi, ndipo midzi yoyandikana itauzidwa.

Ogasiti mpaka mvula itagwa: palibe kuyatsa moto m'thengo kapena m'munda. Mapesi asiyidwe m'munda kuti aphimbe nthaka. Ana aphunzitsidwe kukumba ndi kuchera mbewa popanda moto. Uvuni wa malasha ulambulidwe mozungulira ndipo usasiyidwe wokha.

Cacisanu ndi citatu, konzani njira ya cenjezo. Sankhani munthu womvetsera za nyengo pa wailesi, monga Breeze FM ya ku Chipata ndi mawailesi a ku Petauke, ndi wolandira mauthenga a pa foni. Uthenga ulengezedwe pa msonkhano wa mudzi, ku sukulu, ku cigayo ndi pambuyo pa mapemphero. Gwirizanani kaimbidwe ka ng'oma kapena ka belu kosonyeza moto ndi kosonyeza madzi. Lembani maina a nkhalamba, olemala ndi odwala, ndi munthu amene adzathamangira kwa aliyense wa iwo.

9. POZIMA MOTO

Moyo wa munthu uposa nkhokwe. Musaime kutsogolo kwa moto umene ukuyenda ndi mphepo, ndipo musakhale kumtunda kwake pa phiri. Yambirani kumbuyo ndi m'mbali, mukupanikiza pang'onopang'ono. Mukazingidwa, thawirani pa lupsa pamene papsa kale, kapena pa malo olambulidwa. Ana asapite kozima moto. Musabvale zobvala za nailoni, pakuti zimasungunukira pathupi. Moto ukazima, yenderani zitsa ndi ndowe zouma zimene zikufuka, cifukwa mphepo ya mawa idzaziutsa.

10. NKHALANGO NDI PHINDU LAKE

Lamulo la nkhalango la 2015, pamodzi ndi malamulo ake a 2018, limalola anthu a m'dera kupanga gulu loyang'anira nkhalango yao ndi kulembetsa ku boma, mfumu itabvomereza. Gulu lotere limakhala ndi mphamvu pa zokolola za m'nkhalangomo, ndipo limayenera kuonetsa m'mene lidzatetezera moto. Boma la Nyimba si lacilendo pa nchito yoyeza nkhalango. Kuyambira mu 2012 mpaka 2014 bungwe la CIFOR linagwira nchito kumeneko pamodzi ndi anthu a m'midzi, kuyeza mitengo ndi kulemba m'mene nkhalango imagwiritsidwira nchito. Kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe anthu analowa m'mapangano osunga nkhalango kuti alandire ndalama za kaboni. M'mapangano otere malipiro amadalira mitengo imene yaimirira, ndipo oyeza amagwiritsa nchito zithunzi za setilaiti. Mudzi umene uli ndi buku ndi mapu akeake umakamba nawo uli ndi umboni m'manja.

11. NZERU ZA MAKOLO

Tisaganize kuti kompyuta yabwera kudzacotsa nzeru za akulu. Makolo athu ankayang'ana kaphukidwe ka mitengo, kaberekedwe ka masuku ndi mango, kulira kwa mbalame ndi kumene mphepo ikucokera. Mafumu ndiwo ankalamula tsiku loyamba kutentha, ndipo wotentha tsikulo lisanafike ankalipira mlandu. Kumeneko kunali kuyeza ndi kuyerekeza, koma kosungidwa m'mutu. Lembani zizindikiro zimenezi m'buku la mudzi pambali pa mamilimita a mvula. Pakapita zaka zisanu kapena khumi, inu eni mudzaona zizindikiro zimene zikunenabe zoona ndi zimene zasintha pamodzi ndi nyengo.

MAU OTSIRIZA

Sitingathe kuletsa El Niño, ndipo sitingathe kubweza Luangwa akadzaza. Koma moto wa m'Okutobala uli m'manja mwathu, ndipo cenjezo la cilala ndi la madzi tingathe kulimva nthawi ikalipo. Tikupempha mafumu kuti aitanitse msonkhano mwezi wa Meyi usanathe, ndipo atsogoleri a mipingo, aphunzitsi ndi magulu a amai athandize kuti uthengawu ufike khomo lililonse.

Mukawerenga kapepala aka musakasunge m'thumba. Kawerengereni anzanu amene satha kuwerenga, kambiranani m'Cinsenga kapena m'Cicewa monga mwazolowera, ndipo kaperekeni ku mudzi woyandikana nawo, pakuti moto wao ndiwo udzafika kwa inu. Ngati pali mafunso, kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lanu, ofesala wa zankhalango, kapena komiti ya boma yoona za ngozi ku Petauke ndi ku Nyimba.